Miyezi 8 chisamutsireni zimbale zathu mu hard drive

Chiperoni chitatha chaka chatha ndinatsegula katoni ya ma DVD ndikupeza ena atachita nkhungu. Kuno ku Chitakale chinyezi sichinyengerera chinthu. Ndiye ndinakhala pansi ndi laputopu ndi pulogalamu yaulere ya HandBrake yochepetsera makanema, kusamutsa zonse: ukwati wa achemwali, makwaya a kutchalitchi, ndi tchopa amene malume anajambulitsa ku Chonde.

Nthawi imeneyo ndinkangothamangira kuchepetsa. DVD wamba imanyamula 4.7 GB, ine ndinkafuna iliyonse itsike kufika pa 500 MB kuti zikwane pa filashi imodzi. Mu HandBrake muli nambala yotchedwa RF, ndinaiika pa 28. Nambala imeneyi ikamakwera fayilo imachepa, koma chithunzi chimaphwanyikanso. Pafoni zinkaoneka bwinobwino, ndipo ndinadzitama.

Manyazi anandigwira pa Khirisimasi, titalumikiza filashi ku TV ya mainchesi 43 abale atadzaza pabalaza. Ulaliki ndi makwaya oimirira malo amodzi zinalibe vuto. Koma tchopa! Fumbi likangobuka, ovina n'kuyamba kutembenuka, nkhope zonse zimasanduka timabokosi, nthenga za kumutu kungokhala phala. Malume anayang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Mphwanga, ameneyu ndine kapena wina?" Kanema wogwedera kwambiri, kapena wojambulidwa madzulo kuwala kutachepa, amafuna malo ambiri. Kumumana malowo, amakubwezera pomwepo.

Ndinabwerezanso pa RF 20 ndi H.264, njira ina yopanikizira kanema. Kanema wa maola awiri akumatuluka pakati pa 1 GB ndi 2 GB, ndipo maso anga sakusiyanitsa ndi chimbale chenicheni. Ndinayatsanso deinterlace, yomwe imachotsa timizere, chifukwa makamera a ojambula maukwati amasiya timizere ngati mano a chipeso munthu akamayenda. Kukula kwa chithunzi ndinasiya pa 720x576 pomwe DVD ya PAL, mtundu wa kanema wa kuno, imathera. Kukokera ku 1080p, chithunzi chachikulupo, kumangotupitsa fayilo, sikuwonjezera kanthu.

H.265, njira yatsopanopo kuposa H.264, ndinaiyesa. Imachepetsadi, koma laputopu yanga yakale inkalira usiku wonse, magetsi akathima n'kuyambiranso, ndipo TV ya amayi ku Luchenza inakana kutsegula. Ndinaisiya.

China chomwe chinandipunthwitsa ndi filashi yofomatidwa mwa FAT32, yomwe silandira fayilo yopitirira 4 GB. Ndinaifomatanso kukhala exFAT, yomwe imalandira mafayilo akuluakulu, koma TV zina zakale siziwerenga, choncho filashi ya amayi ndinaisiya momwe inalili.

Chondipweteka ndi chimbale cha ukwati. Nditachisamutsa koyamba paja ndinabwereketsa, chinabwerako chitakalikakalika, sichikuwerengekanso. Chatsala ndi cha 500 MB chija basi, achemwali akulowa m'tchalitchi nkhope ili mbuu. Pano chimbale chilichonse chosapezekanso kwina ndimayamba ndachikopera chathunthu ndi pulogalamu ya MakeMKV, osachepetsa, ndikusunga pa hard drive yachiwiri yomwe imakhala kwa amayi.