Jungle Beat: makatuni a nyama zosalankhula amene ana athu amawamva bwino

Kholo lililonse muno mu Mzuzu limene linayesapo kupezera mwana wamng'ono makatuni oti aonere pa foni kapena pa TV likudziwa kuti pafupifupi onse amene amapezeka ndi a m'Chingerezi, ndipo Chingerezi chake chimakhala chothamanga kotero kuti mwana amangotsatira zithunzi ndi maso, nkhani yake osaitola. Mumzinda uno mwana amadzuka akulankhula Chitumbuka ndi agogo ake, masana n'kumasewera m'Chichewa ndi anzake a ku Chibavi kapena ku Zolozolo, pamene Chingerezi amangochilawa pang'ono kusukulu ya mkaka. N'chifukwa chake makatuni a Jungle Beat ndawaona kuti ndi oyenera kuwafotokoza bwino, pakuti m'zigawo zake zifupizifupi mulibe nyama imene imatulutsa liwu ndi limodzi lomwe la chilankhulo cha anthu.

Amene amapanga makatuniwa ndi kampani yoima payokha ya Sunrise Productions ya mumzinda wa Cape Town ku South Africa, ndipo zigawo zoyamba zinatuluka m'chaka cha 2003 motsogozedwa ndi Brent Dawes. Mizu ya kampaniyi ili ku Zimbabwe. Mmodzi mwa eni ake, Phil Cunningham, ndi anzake anayamba ndi filimu ya The Legend of the Sky Kingdom imene inapangidwa ku Harare pogwiritsa ntchito zidole zoumbidwa kuchokera ku mawaya, zitini ndi zinthu zina zotayidwa. Aliyense amene anakula akupinda magalimoto a mawaya angamvetse mtima umene anthu amenewa anayamba nawo, ndipo ine ndimaona kuti mtima umenewo sunathe ngakhale tsopano zonse amazipanga pa kompyuta: nkhani zawo n'zazing'ono, zilibe zida zambiri, koma kanthu kalikonse kamene kali pa chithunzi kali ndi ntchito yake.

Chigawo chilichonse cha Jungle Beat chimatenga mphindi pafupifupi 5 ndipo chimatha pachokha, moti mwana sayenera kuonera cha dzulo kuti amve cha lero. Kawirikawiri pamakhala nyama imodzi imene yagwa m'vuto lachilendo. Pali chiphaniphani chimene chimaopa mdima, pamene ntchito yake yeniyeni ndi kuwala usiku. Palinso nyamalikiti amene chifukwa cha kutalika kwa khosi lake akugunda mwezi ndi mutu, kenaka n'kuyamba kuvutika kuti akonze zimene waononga. Zonsezi zimafotokozedwa ndi maso a nyamayo, makutu ake, kaimidwe ka thupi lake, kuusa moyo kwake ndi nyimbo zimene zikumveka pansipansi. Luso lenileni lagona pa kudikira. Nyama ikalephera koyamba sithamangira kuyesanso, imaima kaye, n'kuyang'ana vuto lake, n'kuyang'ana kumbali, ndipo kamphindi kameneko ndi kamene kamapatsa mwana mpata woti aganize chimene iye akanachita.

Zotsatira za kusowa kwa mawuku ndinaziona bwino madzulo ena a mwezi wa June, nthawi imene kamvula kowaza ka kuno kamatsekereza ana m'nyumba. Ana angapo a pamalo athu ku Mchengautuba anaunjikana pa mkeka atafunda bulangete limodzi, foni itatsamira pa fulasiki ya tiyi. Sipanapite nthawi kamtsikana kamene kanali kakakulu pang'ono kanayamba kufotokozera anzake zimene nyama ikuganiza, kena n'kumatsutsa m'Chitumbuka kuti si choncho ayi, ndipo agogo amene ankasenda mbatatesi pakhomo anaponyamo mawu awo akuti, "Inu ana inu, ameneyo akadafunsa Kalulu bwenzi atamaliza kalekale." Makatuni olankhula amatseka pakamwa ana chifukwa aliyense amafuna kumva zimene zikunenedwa, koma awa amawasiyira ntchito yoika mawu okha, ndipo pamapeto pake chimene chimachitika chimafanana ndi nthano zapamoto, pamene omvera sangokhala duu koma amayankha kuti tili tonse. Aphunzitsi a sukulu za mkaka angathe kugwiritsa ntchito zimenezi mosavuta: kuonetsa chigawo chimodzi, kuchiimitsa pakati, n'kufunsa ana kuti chichitike n'chiyani tsopano.

Patapita zaka kampaniyi inatulutsa mndandanda wina wotchedwa Munki and Trunk, womwenso ulibe mawu, koma uli ndi nyama zomwezomwezo chigawo chilichonse. Munki ndi pusi wosakhazikika wokonda nthochi, Trunk ndi njovu yofatsa ya mtima wabwino, ndipo pakati pa anzawo pali chipembere Rocky, nyamalikiti Tallbert ndi kanungu wokwiyakwiya dzina lake Humph. Zithunzi za mndandanda umenewu n'zowala ndi zosalala kuposa za zigawo zakale, zimene ukaziona lero zimaoneka kuti zinapangidwa makompyuta asanafike pamene afika panopa. Ana amakonda kwambiri Munki ndi Trunk chifukwa amawazolowera n'kumawatchula maina, koma kwa ine Humph ndiye wopambana onse. Nkhalango yodzaza ndi nyama zosekerera zokhazokha imatopetsa, ndipo kanyama kameneka, kamene kamangofuna kuti ena akasiye kakhale mwa mtendere pa malo ake, kamaphunzitsa mwana kuti mnzako wosaseka sindiye kuti ndi mdani.

Kumene ndikuona kuti anataya china chake chamtengo wapatali ndi mu filimu yaitali ya Jungle Beat: The Movie, imene inaonetsedwa koyamba m'chaka cha 2020 pa chionetsero cha makatuni cha ku Annecy ku France, ndipo m'chaka cha 2021 inafika pa Netflix. M'filimuyi nyama zija zikudzuka tsiku lina n'kupeza kuti zikutha kulankhula, chifukwa cha kachipangizo ka Fneep, kacholengedwa kochokera ku dziko lina la mlengalenga kamene katumidwa kudzalanda dziko lapansi koma mtima wake uli kwawo. Nzeru yofotokozera chifukwa chimene nyamazo zayambira kulankhula ndi yabwino, ndipo nkhaniyo ilibe nkhanza kapena zinthu zochititsa manyazi kuonera pamodzi ndi apongozi. Vuto n'lakuti nyama zikangotsegula pakamwa zikulankhula Chingerezi, nthabwala zambiri zasamukira m'mawu, ndipo ana aang'ono amene ankaseka okha pa zigawo zifupizifupi amayamba kukukoka malaya kuti uwamasulire. Filimuyi imatenga pafupifupi ola ndi theka, nthawi imene mwana wa zaka 3 kapena 4 sangakhale pansi osadzuka. Ndi yoyenera ana amene afika kale m'makalasi apakati a pulayimale.

Pali chinthu chinanso chimene makolo ayenera kuchidziwa. Nkhalango ya m'makatuniwa si nkhalango yeniyeni ya kwina kulikonse, ndipo mwana sangaphunziremo mmene nyama zimakhalira kutchire. Palibe nyama imene imadya inzake, ndipo njovu ndi bwenzi la aliyense. Wina amene ali ndi abale kufupi ndi Vwaza, m'maboma a Rumphi ndi Mzimba, amadziwa kuti njovu ikatuluka m'malo osungirako nyama n'kulowa m'munda wa chimanga usiku, banja limagona ndi njala chaka chimenecho, ndipo munthu woyandikira amaika moyo wake pachiswe. Sindikunena kuti makatuni a ana azionetsa zoopsa, koma kholo likhale lokonzeka kuuza mwana kuti Trunk ndi wa m'kanema. Komanso ana akhoza kuganiza kuti nyama zonsezi zimapezeka ku Kaning'ina kapena ku Chikangawa. Zoona zake n'zakuti kuti aone chipembere m'dziko muno ayenera kupita ku Liwonde kapena ku Majete, ndipo ambiri mwa anyamalikiti oyamba a ku Majete anachita kubwera nawo kuchokera ku South Africa m'chaka cha 2018. Kuno kumpoto chimene angaone mosavuta ndi mbidzi za ku Nyika ndi njovu ndi mvuu za ku Vwaza, kuphatikizapo apusi amene sasowa m'mitengo ya m'mphepete mwa msewu wopita ku Nkhata Bay.

Pa nkhani ya kapezedwe, zigawo zambiri zili pa YouTube pa tsamba la eni ake ndipo kuonera kwake n'kwaulere, kupatula bando ya intaneti imene umagula. Zina anazilumikiza kukhala kanema mmodzi wautali, zimene zimathandiza mayi amene akufuna kuphika mwa mtendere koma zimadya bando kwambiri ndiponso zimachotsa ubwino uja wa nkhani yaifupi imene ili ndi poyambira ndi pothera. Ine ndimasankha zigawo zifupizifupi, ndimatsitsa mlingo wa kaonekedwe ka chithunzi kuti bando isathe msanga, chifukwa pa foni kusiyana kwake sikuoneka, ndipo ndimazimitsa batani limene limachititsa kuti kanema wina ayambe yekha uyu akatha, pakuti kanema wotsatirayo nthawi zina sakhala wa ana n'komwe. Amene amaika makanema pa memori khadi m'tizipinda ta mumsika ndi bwino kuwauza momveka kuti mukufuna zigawo zopanda mawu, chifukwa mukangotchula dzina lokha akhoza kukuikirani filimu yaitali ija, ndipo ndi bwino kuonera kaye nokha zonse zimene zili pa khadiyo musanaipereke kwa mwana.