Jombo za pakaunjika paphiri la Mulanje

Ndinazigula pakaunjika, zachikopa, zofika mu akakolo. Wogulitsa analumbira kuti sizilowa madzi. Bodza lenileni! Tsiku lachiwiri, tikuchoka ku kanyumba kogona okwera phiri ka Chambe kupita ku ka Chisepo, chiperoni chitatsika, masokosi anachita kufinyidwa. Usiku ndinaziwamba pamoto, yakumanzere n'kupserera lilime.

Koma pa nkhani yogwira mwala, ayi ndithu, ndazigomera. Pokwera Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, mamita 3,002, pali matanthwe osalala oti umachita kukwawa. Mnzanga wovala nsapato zothamangira anaterereka kawiri, ine osagwa ngakhale kamodzi. Masiku anayi chikwama chili kumsana mpaka kutsikira ku Likhubula, thuza limodzi lokha pachidendene.

Mukamagula, tengani zokulirapo pang'ono. Potsika zala zimagunda kutsogolo, chikhadabo changa chidakali chakuda mpaka lero.