Nyumba ya alendo ya kumudzi ku Tukuyu: tsiku lomaliza tinangokhala pakhonde

Ine ndi mayi a kunyumba tinachoka kuno ku Mzuzu n'kukagona masiku anayi pa nyumba ina ya alendo yomwe ili pakati pa minda ya nthochi kunja kwa tawuni ya Tukuyu, m'boma la Rungwe ku Tanzania. Chimene ndikuwayamikira eni malowa si mabedi kapena maluwa a pakhomo ayi, koma mmene anatisungira pa tsiku lomaliza, lomwe tinagwirizana kuti tisapite kulikonse. Masiku oyambawo tinali titakaona kale mathithi a Kaporogwe ndi Daraja la Mungu, mlatho wamwala wachilengedwe wa pa mtsinje wa Kiwira, moti miyendo inali italema.

Mayi woyang'anira nyumbayo atamva maganizo athu sanatikakamize ulendo wina woti tilipire, monga amachitira ambiri pa malo otere. Anangotiuza kuti chakudya cha m'mawa chidzakhala chokonzeka "saa mbili", ndipo ine ndinadabwa poganiza kuti akunena 2 koloko. Kunena zoona vuto linali langa, chifukwa m'Chiswahili maola amayamba kuwerengedwa kuchokera 6 koloko m'mawa, choncho nthawi imeneyi ndi 8 koloko, yomwenso pa wotchi yathu ya ku Malawi inali 7 koloko popeza Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi.

Kunacha ndi chifunga chokhala ngati cha kwathu ku Katoto m'mwezi wa June, ndipo phiri la Rungwe, lotalika pafupifupi mamita 3,000, silinaoneke mpaka dzuwa litakwera. Anatiikira mipando pakhonde, natibweretsera tiyi wamkaka wothira jinja, chapati ndi mapeyala a pamunda pomwepo, kenako anatisiya. Palibe anagogoda kuchipinda kuti akufuna kukolopa, palibenso anatsegula wailesi, koma fulasiki ikatha tinkangoona ina yafika mwakachetechete. Ulemu woterewu ndi wosowa, pakuti wolandira alendo wambiri amaganiza kuti mlendo akakhala chete ndiye kuti wasungulumwa.

Masana anatiphikira nthochi zosakaniza ndi nyama ya ng'ombe, zomwe mayi a kunyumba, amene anakulira ku Karonga, atangolawa anati, "Bambo, iyitu ndi mbalagha yeniyeni." Sizodabwitsa, chifukwa Anyakyusa a kumeneko ndi Angonde a kwathu ndi anthu apachibale, ndipo mayiwa anacheza ndi ophika nthawi yaitali kukhitchini, aliyense akuyankhula chakwawo koma akumvana. Chakumadzulo tinayenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa minda ya tiyi yofanana ndi ya ku Kawalazi, tikuonerera anthu akusenza madengu a masamba kupita nawo kosikelo.

Zofooka zilipo ndithu. Madzi osamba amatenthetsa pa nkhuni, ndipo m'mawa wa tsikulo anafika mochedwa komanso ali ofunda chabe, pamalo pozizira chotero. Salandira khadi la kubanki, choncho muyenera kukhala ndi mashilingi okwanira m'thumba, ndipo kanjira kochokera pa msewu wa tala n'koterera mvula ikagwa. Intaneti imagwira pa ngodya imodzi yokha ya khonde, ngakhale kuti ine zimenezi sizinandidandaulitse patsikulo.

Usiku womwewo mayi woyang'anira nyumba uja anatikonzera galimoto yokatitula pa chipata cha Kasumulu, atatiuziratu mtengo wake, ndipo dalaivala anafika pa nthawi imene tinapangana. Tinawoloka Songwe kusanatenthe, tinakwera minibasi ya ku Karonga, ndipo pokwera zitunda za Chiweta tinali tikudyabe nthochi zakupsa zimene anatiikira m'chikwama osatiuza.