Chaka chathu choyamba NAS yathu ikuyang'aniridwa kuchokera ku Lusaka

Ofesi yathu ili m'tauni ya Chipata, ndipo timasunga mabuku a ndalama a magulu a alimi a nshawa, soya ndi mpendadzuwa ochokera ku Katete, Chadiza ndi Lundazi. Mafayilo onse, pamodzi ndi zithunzi za malisiti, amakhala m'bokosi la NAS, losungiramo mafayilo amene makompyuta a muofesi amawatsegula kudzera pa netiweki, la madisiki anayi a 4TB amene anaikidwa pa RAID 5, kutanthauza kuti malo ogwiritsa ntchito ndi 12TB, ndipo disiki imodzi itafa palibe chotayika, koma awiri atafera limodzi ndiye kuti zonse zapita. Kampani ya ku Lusaka imene inatigulitsa bokosili inatipatsa mgwirizano wa chaka ndi chaka wakuti akatswiri ake aziliyang'anira kudzera pa intaneti, ndipo tinasaina pakati pa chaka cha 2024.

Ndiyambe ndi chimene chinabweza ndalama zathu. M'mwezi wa Okutobala, kutentha kutafika pachimake, anatiimbira foni m'mawa kutiuza kuti disiki yachitatu yayamba kudwala. Ife sitinkaona vuto lililonse, chifukwa timagetsi tonse tapabokosi tinali tobiriwira ndipo mafayilo ankatseguka monga mwa masiku onse. Katswiriyo anafotokoza modekha kuti disiki iliyonse imalemba yokha mbiri ya thanzi lake, imene amaitcha SMART, ndipo pa disiki imeneyi chiwerengero cha tizigawo towonongeka chinkakwera tsiku ndi tsiku. Mwa ife asanu amene timagwira ntchito muno palibe amene akanadziwa kuti mbiri yotere iliko, ndiye apa ndiwayamikire ndi mtima wonse.

Koma iwo ali ndi maso okha, manja ndi athu. Disiki yatsopano inali m'sitolo yawo ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 550 pamsewu wa Great East, ndipo chifukwa cha mapepala a waranti komanso Loweruka ndi Lamlungu zimene zinalowa pakati, inafika pa basi patatha masiku asanu. Masiku onsewo mtima unali m'mwamba. Itafika, mlembi wathu ndiye anasolola yakaleyo n'kulowetsa yatsopano bokosi lili chiyakire, katswiri akumulangiza pa vidiyo ya WhatsApp, ndipo zinayenda bwino. Chimene sanatiuze msanga n'chakuti bokosilo limafuna maola ambiri osazima kuti libwezeretse zonse pa disiki yatsopano, komanso kuti nthawi imeneyi ndi imene madisiki otsalawo amagwira ntchito yolemetsa kwambiri. Ife zinatitengera usiku wonse ndi theka la tsiku lotsatira. Chaka chimenecho madzi anali atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala ndipo magetsi ankabwera maola owerengeka patsiku, choncho tinachita kubwereka jenereta madzulo omwewo, pamene akanatichenjeza tsiku loyamba tikanakonzekera mosathamanga.

Kuzima kwa magetsi kunaonetsanso kuti makina awo ochenjezera anakonzedwera malo amene magetsi sazimazima. Nthawi iliyonse rauta ikazima tinkalandira imelo yakuti bokosi lasowa pa intaneti, mpaka tinasiya kuwerenga mauthengawo, ndipo ndikuganiza kuti nawonso anatopa nawo. Titadandaula anasintha kuti uthenga wotere uzibwera pokhapokha papita maola ambiri, pamene wa disiki, wa kutentha ndi wa kulephera kwa bakapu (kukopera mafayilo pamalo ena osungira) uzibwera nthawi yomweyo. Anatithandizanso kulumikiza UPS, batire yopereka mphamvu magetsi akazima, ku bokosi ndi chingwe cha USB kuti batire ikatsala pang'ono kutha bokosi lizidzizimitsa lokha mwadongosolo. Kachingwe kameneka n'kotchipa kuposa thumba la ufa, koma kanakhala m'katoni miyezi ingapo popanda wotiuza ntchito yake.

Nkhani imene ndinalimba nayo ndi ya kulowa kwawo m'makina athu. M'bokosimu muli mayina, manambala a ziphaso za NRC ndi ndalama za alimi, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2021 limatipatsa ife udindo wozisamala. Ndinkakumbukiranso za DeadBolt, pulogalamu ya akuba imene mu 2022 inatseka mafayilo m'mabokosi ambiri a NAS amene anali poyera pa intaneti. Poyamba akatswiri a ku Lusakawo ankafuna akaunti ya admin, ya mphamvu zonse pabokosi, yokhala yotsegula nthawi zonse, koma titakana sanalimbane nafe. Tsopano nthawi zonse amaona thanzi la bokosi lokha, ndipo akafuna kulowa mkati timawatsegulira tokha VPN, njira yotetezeka yolowera m'makina kudzera pa intaneti, n'kutsekanso akamaliza. Mafoni amayankha msanga masiku a ntchito, koma Loweruka masana munthu umangosiya uthenga n'kudikira Lolemba.

Mgwirizano tauwonjezera chaka china, titawapempha kuti alembemo mawu awiri, akuti azititumizira lipoti lalifupi mwezi uliwonse ndi akuti disiki yolowa m'malo izinyamuka ku Lusaka tsiku lomwelo. Pa lachiwirili tikukambiranabe, ndiye pakadali pano tagula disiki imodzi ya 4TB ndi ndalama zathu, ndipo ili m'kabati ya abwana isanatsegulidwe.