Mapaketi a supu kapena chakudya cha pakhomo: n'chiti chingagonetse matenda a shuga?

Anzanga a shuga wa mtundu wachiwiri, njira ziwirizi cholinga chake n'chimodzi: kusungunula mafuta amene aunjikana m'chiwindi ndi m'kapamba, kuti kapamba ayambenso kutulutsa insulin mokwanira. Mupaketi mumangokhala supu kapena chakumwa chosungunula cholowa m'malo mwa chakudya, mulibe mankhwala. Chogonetsa matendawa, kutanthauza kuti shuga akhale bwinobwino popanda mankhwala, ndi makilogalamu amene mwataya.

Pa umboni, mapaketi ali patsogolo. Mu kafukufuku wa DiRECT wa Roy Taylor wa ku Newcastle ndi Mike Lean wa ku Glasgow, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2017, anthu anasiya chakudya chonse n'kumangomwa supu ndi zakumwa zosungunula, ma calorie pafupifupi 850 patsiku, kwa miyezi itatu mpaka isanu. Chaka chitatha, 46 mwa 100 alionse shuga wawo anali bwinobwino popanda mapiritsi, ndipo mwa amene anataya makilogalamu 15 kapena kuposerapo anali 86 mwa 100. Chimene ndimayamikira mapaketi n'chakuti amakuchotsera mkangano wa pa mbale. Sufunsa kuti mtanda wa nsima ukule bwanji. Usungunula, umwa, basi. Masabata oyamba ndi owawa: mutu, kudzimbidwa, kuzizidwa, ndiponso kukhala pambali ena akudya.

Vuto lalikulu limabwera pobwerera ku chakudya. Pa zaka ziwiri chiwerengero cha 46 chija chinatsika kufika pa 36, ndipo chinapitirira kutsika thupi likamabwerera. N'chifukwa chake pulogalamu ya NHS (zipatala za boma) ku England, imene abale athu okhala kumeneko angalowemo ulere kudzera kwa dokotala wawo, imapereka mapaketi kwa masabata 12 okha koma imamulondola munthu chaka chathunthu. Imalandira onenepa amene anapezeka ndi shuga m'zaka 6 zapitazi.

Chakudya cha pakhomo, monga masamba ambiri, nsomba, mazira, nyemba, nsima ndi mpunga pang'ono, zakumwa zotsekemera ayi, sichidula, ndipo umaphunziriratu kadyedwe kamene udzakhale nako mpaka kalekale. Koma thupi limatsika pang'onopang'ono, ndipo dzanja limanama pothira mafuta mu ndiwo. Ambiri amaima asanataye makilogalamu okwanira.

Ine ndikuti, wonenepa amene shuga wam'peza posachedwa, ndipo ali ndi achipatala omuyang'anira, ayambe ndi mapaketi. Wogula yekha pa intaneti popanda womuyeza, ayi. Ngati mumamwa mapiritsi a shuga otchedwa glibenclamide kapena mumabaya insulin, kudya pang'ono chonchi kungagwetse shuga mpaka kukomoka, ndipo mapiritsi a BP nawo amafunika kusinthidwa. Komanso kwathu ku Malawi alipo ambiri odwala shuga koma matupi awo ndi ochepa kale. Kafukufuku wa DiRECT uja anachitika pa anthu onenepa, ndiye amenewa asadzipanikize ndi njala asanaonane ndi dokotala.