Sowo ya miter yotsetsereka ya 255 mm: imadula bwino, koma musaikhulupirire ikangotuluka m'katoni

Nyenyezi zinayi pa zisanu. Ndine kalipentala kuno ku Chipata, shedi yanga ili ku Kapata, ndipo ntchito zanga zambiri ndi mafelemu a zitseko ndi mawindo, mabedi, madesiki a ana asukulu, nthawi zina mabokosi a maliro. Sowo imene ndikunena ndi sliding compound miter saw, sowo yamagetsi yodulira matabwa chopingasa ndi pa ngodya, ya bledi ya 255 mm ndi mota ya 1800 W, ndinaigula ku Lusaka n'kubwera nayo pa basi. Si ya mayina akuluakulu aja monga Makita, DeWalt kapena Bosch. Ndi ya mtengo wapakati, yoti kalipentala wamba akhoza kuifikira atasunga ndalama za maoda angapo. Yagwira ntchito nyengo ya mvula ndi yachilimwe yomwe, ndiye ndaiona pa mapulanga aawisi ndi ouma omwe.

Chimene chinandikopa ndi mapaipi awiri amene mutu wa sowo umatsetserekapo. Sowo yongotsika pansi yopanda mapaipi, ngakhale bledi ikhale ya saizi yomweyi, imathera pa thabwa la masentimita 13 kapena 14 m'lifupi. Kupitirira apo muyenera kutembenuza thabwa n'kudulanso mbali inayo, ndipo mizere iwiriyo kawirikawiri sikumana. Iyi imadutsa thabwa la masentimita pafupifupi 30 kamodzin'kamodzi. Tebulo yake imazungulira kumanzere ndi kumanja mpaka madigiri 45, ndipo imadzigwira yokha pa 0, 15, 22.5, 30 ndi 45. Mutu nawo umapendekera kumanzere mpaka 45. Phindu la kuphatikiza ziwirizi ndimaliona pa bokosi la maliro. Mbali zake zimatambasuka pa mapewa komanso zimapendekera kunja, ndiye pokumana matabwa pamafunika ngodya ziwiri nthawi imodzi. Kale inali ntchito ya pensulo, sowo yamanja ndi pulena, kuyesa n'kupala, kuyesa n'kupala, uku achibale a malemu atakhala panja kudikira. Masiku ano ndimayesa pa zidutswa ziwiri zotsala, zikalumana bwino ndimamanga zogwirira zonse n'kudula matabwa onse motsatizana.

Vuto loyamba n'lakuti imabwera yosalunjika. Yanga kamuvi koonetsa madigiri kankaloza pa 0 bwinobwino, koma fensi, chitsulo chimene thabwa limatsamira kumbuyo chija, inali itakhotako pang'ono. Ndi maso simungaone. Mumadzaonera pa felemu: ngodya zitatu zatseka, yachinayi yayasama. Zulani pulagi kukhoma, tsitsani mutu n'kuukhoma pansi ndi kapini kake, kenako ikani sikweya, chida choyezera ngodya ya madigiri 90 chija, mbali ina itsamire fensi, ina igunde thupi la bledi. Isakhudze mano, chifukwa mano ndi otambalala pang'ono kuposa thupi ndipo angakunamizeni. Pakaoneka kuwala pakati, masulani mabawuti a fensi, isuntheni pang'onopang'ono mpaka kuwalako kuthe, n'kumanganso. Mukatero imikani sikweya pa tebulo muone ngati bledi yaima chilili. Kumbuyo kwa mutu kuli kabawuti kosinthira zimenezo. Koma sikweya nazo zilipo zabodza, makamaka zimene zagwapo pa simenti, ndiye mboni yeniyeni ndi thabwa. Tengani lowongoka, mulidule pakati tebulo ili pa 0, mutembenuze chidutswa chimodzi cha pamwamba chipite pansi, n'kugundanitsa malo odulidwawo, zonse ziwiri zitatsamira fensi. Ngati china chalakwika, mpata umaoneka wowirikiza kawiri, moti ngakhale theka la digiri silibisala. Kabuku kobwera nako m'katoni kamangodutsa pa nkhaniyi m'mizere iwiri ya Chingerezi chokhotakhota, pamene ndiye ntchito imene iyenera kuyambirira.

Bledi yobwera nayo ndi ya mano 24. Pa mapulanga a denga ilibe vuto, koma pa paini ya mipando imang'amba m'mphepete, ndipo pa mabodi a melamine imasiya ngati mbewa yateketapo. Powerengera ndalama, ikanipo kale ya bledi ina ya mano 60 kapena 80. Pogula musangowerenga mano, onaninso mmene aimira. Bledi za sowo yamagetsi yamanja ndi ya patebulo mano ake amaweramira kutsogolo kuti azilowa m'thabwa mwaukali. Bledi yotereyo mukaiika pa sowo yotsetsereka imaluma thabwa n'kudzikokera kwa inu. Yoyenera ndi ya mano oima chilili kapena obwerera m'mbuyo pang'ono, imene pachikuto amalemba 0° kapena -5°. Bowo la pakati nalo limasiyana, zina ndi 30 mm, zina 25.4 mm, ndipo bledi ya bowo lalikulu isalowe popanda kamphete kake. Liwiro lolembedwa pa bledi lisachepere la sowo. Bawuti yomangira bledi imamasukira kumene mabawuti ena amamangira. Ndaonapo ya mnzanga wina mutu wa bawutiyo utadyeka wonse chifukwa ankaikakamizira mbali yozolowereka. Mano a kutsogolo aloze pansi, kutsata muvi wa pa chotchinga.

Mabowo anayi a ku miyendo yake si okongoletsa. Mutu ukafika kumapeto kwa mapaipi kulemera konse kumasamuka, ndipo sowo yongosanjika pa benchi imagwedera kapena kunyamuka. Yanga ndinaimanga ndi mabawuti pa benchi yolimba, ndipo benchiyo ndinaisuntha kuchoka kukhoma chifukwa mapaipi amatulukira kumbuyo kwambiri. Timikono tachitsulo togwirizira matabwa tilipo, koma ndi tatifupi. Pa pulanga la mamita anayi sitithandiza kanthu. Ndinakhoma timabokosi tiwiri tofanana msinkhu ndi tebulo ya sowo, kena kumanzere kena kumanja. Zouza mwana kuti agwire kumapeto kwa thabwa ndimakana, chifukwa akangotukula pang'ono, malo odulidwa amatsekeka n'kupana bledi.

Mwana wa mlongo wanga amaphunzira ntchito pa shedi, ndipo dzanja lake poyamba linkafuna kutsitsa bledi pafupi ndi fensi n'kumakokera kwa iye.

"Amalume, kukoka ndiye kopepuka, imangobwera yokha," anatero.

"Kubwera yokhako ndiye ngoziyo, iwe. Ukaikoka mano amakwera pamwamba pa thabwa, mutu wonse n'kuthamangira pachifuwa pako. Chotsa chala pa switchi, tiyambirenso."

Ndondomeko yake ndi iyi, ndipo sisintha: mutu uli m'mwamba, mota isanalire, ukokereni kwa inu mpaka upitirire thabwa. Dinani switchi, dikirani bledi ifike pa liwiro lake lonse, tsitsani, ndiye kankhirani ku fensi modekha. Mukatero mano amapanikizira thabwa pansi ndi ku fensi, kumene kuli kolimba. Mukamaliza, siyani switchi mutu ukadali pansi, bledi iime kaye ndiye mutukule. Apa mpamene sowoyi yataya nyenyezi yake kwenikweni: ilibe buleki. Bledi imapitiriza kuzungulira kwa kanthawi mutasiya switchi, ndipo munthu amene ali ndi zitseko khumi zoti apereke Loweruka mtima umamuuza kuti atukule msanga. Thabwa likakhala lopapatiza, monga timatabwa ta mafelemu a zithunzi, ndimakhoma mapaipi ndi kabawuti kake, sowo izingotsika pansi basi.

Mabuku a sowo zotere amati dzanja lisayandikire bledi kupitirira masentimita 10. Ine ndinajambula mizere ya penti yofiira pa tebulo ndi pa fensi, masentimita 15 mbali zonse, ndipo chidutswa chimene sichifika pa mzerewo chimagwiridwa ndi kilampu, chitsulo chopanira thabwa, osati zala. Manja asapingasane: dzanja lamanzere lisagwire thabwa la kumanja kwa bledi. Magolovesi ndimaletsa pa makina awa, mano akakola nsalu amakoka ndi dzanja lomwe. Chotchinga cha pulasitiki chija chimadetsedwa ndi utomoni wa paini mpaka mzere wa pensulo osaoneka, ndipo m'mashedi ambiri mudzachipeza atachimangirira m'mwamba ndi waya. Madzi a sopo ndi kansalu zimathetsa nkhaniyo. Popendeketsa mutu, kumbukirani kusuntha fensi ya pamwamba ipite kunja, ndipo musanayatse tsitsani bledi mota ili zii muone ngati sikugunda chitsulo chilichonse.

Chimene anthu sachiganizira ndi tizidutswa ting'onoting'ono. Pa sowo iyi mpata wa pakati pa mafensi awiri ndi waukulu mopitirira. Tsiku lina kachidutswa ka mukwa kosaposa chala chachikulu kanagwera mumpatamo, mano n'kukatola. Tinangomva kuti phaa, ndipo pa lata la kumbuyo kwa shedi panatsala chikombekombe cholowa chala, utoto utang'ambika mozungulira. Kakanabwera mbali ya kuno kakanapeza nkhope ya munthu. Kuchokera pamenepo pa fensi ndinamangapo thabwa lowongoka ndi masikuluu, kudzera m'mabowo amene alipo kale, n'kulidula ndi bledi yomweyo kuti mpata ukhale wa bledi yokha. Limathandizanso kuona pomwe bledi idutse kuposa laser ya sowoyi yoonetsa mzere wodula, imene dzuwa la Okutobala likalowa m'shedi sioneka n'komwe. Podula zidutswa zambiri zofanana ndi kathabwa koimitsira, chidutswa chimene chili pakati pa bledi ndi kathabwako chigwiridwe ndi kilampu. Chikasiyidwa chokha chimapanika n'kuuluka. Kilampu yobwera nayo ndi yofooka ndipo imachedwa kumanga, ndimagwiritsa ntchito zanga.

Mapulanga amene timagula kuno si owongoka ngati a m'zithunzi za pakatoni. Mukwa wocheka m'tchire umabwera wokhuthala mosiyanasiyana, bulugamu akamauma amapindika. Thabwa lokhota liikeni msana wake, mbali yotukukira kunja, utsamire fensi pamalo podulapo. Mukaika mbali yolowa mkati ku fensi, pakati pamatsala mpata, ndipo bledi ikatsala pang'ono kumaliza thabwa limatsekeka n'kuipana. Pa mukwa wouma mota imalemedwa mukakankha mwaphuma, koma mukaipatsa nthawi imadutsa bwino, podulapo n'kusalala moti sandipepa imangodutsapo pang'ono. Matabwa a mapaleti ndi a madenga akale ayang'aneni misomali kaye, msomali umodzi umathothola mano a bledi. Amene amabwera kudzapempha kuti ndiwadulire chubu kapena kuikapo disiki ya gilainda ndimawabweza: sowoyi sinapangidwire chitsulo, ndipo zothetheka zikagwera mu utuchi ndi moto.

Magetsi athu ndi a 230 V, ndiye mota ya 1800 W imakoka pafupifupi 8 A ikamayenda, zimene pulagi ya fuzi ya 13 A imakwanitsa. Koma poyamba imakoka zochuluka kuposa pamenepo, ndipo iyi ilibe choyambitsa pang'onopang'ono: mukadina switchi mutu umadzuka ndi mphamvu, mababu n'kuphethira. Gwirani chogwirira zolimba. Kajenereta kakang'ono ka malaiti a m'nyumba sikaitha. M'chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, ambiri tinadalira majenereta, ndipo ang'onoang'ono ankangozima sowo ikayamba. Waya wolumikizira akakhala wautali akhale wonenepa, wa 2.5 mm², ndipo muumasule wonse pa chokulungira chake kuti usatenthe. Malaiti akathima muli pakati pa ntchito, zulani pulagi musanayambe kupukuta kapena kusintha bledi, chifukwa pobwera sawodira.

Kathumba ka utuchi kamagwira pang'ono chabe, wambiri umagwera pa mapaipi, ndipo mukapanda kuwapukuta madzulo aliwonse kutsetsereka kumayamba kulimba. Girisi wambiri musaikepo, amangosonkhanitsa fumbi. Phokoso lake n'loboola m'makutu, zotsekera m'makutu ndi magalasi zimakhala pa msomali pambali pa sowo, ndipo podula mabodi a MDF kapena mukwa timavala chophimba kumphuno.

Amene mumapanga mafelemu, mabedi, masiling'i kapena mabokosi tsiku ndi tsiku, gulani, ndalama yake ibwerera. Amene mukufuna kung'amba matabwa m'litali, iyi si sowo yake, musayese n'komwe. Ku shopu, musanalipire, kokani mutu mpaka kumapeto kwa mapaipi n'kuugwedeza kumanzere ndi kumanja. Ngati ukusewera, pemphani ina, chifukwa chimenecho palibe bawuti yochikonzera. Funsaninso makaboni a mota (tizidutswa takuda ta mkati mwake timene timaperepeseka n'kutha) a saizi yake, mugule awiri apadera mukadali pomwepo.