Kusiya fodya: kudula kamodzi kapena kuchepetsa pang'onopang'ono?

Wosuta akaganiza zoleka amakhala ndi njira ziwiri: kutaya paketi lero lomwe, kapena kumachepetsa ndudu mpaka zitatheratu.

Kudula kamodzi n'kowawa, tisanamizane. Chibaba chimafika pachimake tsiku lachiwiri ndi lachitatu: litsipa, tulo osabwera, kukalipira ana popanda chifukwa. Pakatha milungu iwiri mpaka inayi chimayamba kuzilala. Koma thupi silichedwa kuyamikira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pa mphindi 20 munthu atasiya kusuta mtima umayamba kugunda mwa chikhalire, pa maola 12 mpweya woipa wa carbon monoxide umatsika m'magazi, ndipo pakatha chaka chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika ndi theka.

Kuchepetsa kumaoneka kofewa, n'chifukwa chake ambiri amakukonda. Vuto n'lakuti kuno ku Malawi ndudu amagulitsa imodziimodzi pa hokala, ndiye "kamodzi kokha" ka pambuyo pa nsima sikatha ayi. Wochepetsayo amayambanso kukoka utsi mwakuya kuti nikotini, mankhwala a mufodya oyambitsa chibaba, akwane, chonsecho ngakhale ndudu imodzi patsiku imavulazabe mtima.

Mu kafukufuku yemwe anatuluka mu 2016, akatswiri a ku yunivesite ya Oxford anayerekeza njirazi pa osuta 697, onse akupatsidwa uphungu ndi mankhwala a nikotini. Patatha miyezi 6, mwa odula kamodzi 22 pa 100 alionse anali asanasutenso. Mwa ochepetsa, pafupifupi 16.

Ine ndingati dulani kamodzi. Ngati njirayo yakukanikani, chepetsani, bola mulembe tsiku lomaliza pakalendala, ndipo milungu yoyambirira mutalikire pamowa ndi pabawo pomwe anzanu amapatsirana moto.